Shi'ra ndi Mnzake Wobisika

Mwa nyenyezi zonse zimene zimawala usiku, palibe yoposa imene Aarabu anaitcha Shi'ra, yomwe mabuku a kusukulu amaitchula kuti Sirius. Ife okhala kumwera kwa nyanja kuno tinapatsidwa gawo limene anthu a ku Makkah, a ku Cairo kapena a ku London alibe, pakuti nyenyezi imeneyi imadutsa pamutu pathu penipeni. Tauni ya Mangochi ili pa madigiri 14 ndi theka kumwera kwa mzere wodula dziko pakati, pamene njira ya Shi'ra kuthambo ili pa madigiri pafupifupi 17 kumwera kwa mzere womwewo. Kusiyanaku n'kochepa, kongofanana ndi kukula kwa chala chachikulu munthu atatambasula mkono. Pakati pa mwezi wa Febuluwale, munthu wotuluka mu mzikiti ku Malindi, kwa Makanjila kapena kwa Mponda swala ya Isha itatha, akadikira ola limodzi n'kukweza maso, adzaipeza ili pa liwombo, ngati mitambo ya dzinja yalola.

Kuizindikira sikuvuta. Pezani nyenyezi zitatu zondondozana zija makolo anazitcha Akamwiniatsatana. Mukatsata mzere wake mbali imodzi mufika kufupi ndi Nsangwe. Mukautsata mbali inayo mufika pa nyenyezi yoyera mbee, yothwanima kuposa zinzake zonse. Imeneyo ndiyo Shi'ra. M'nyengo ya mwera, kuyambira mwezi wa Julayi, imatuluka kum'mawa kusanache, ndipo ikakhala m'munsi pafupi ndi madzi kapena mapiri imaphethira mitundu yosiyanasiyana, yofiira, yobiriwira ndi yamtambo. Mitunduyo si yake. Ndi mpweya wa dziko lathu lomwe lino umene umagwedeza kuwala kwake.

Diso limaona nyenyezi imodzi, koma pamenepo pali ziwiri, zomangidwa pamodzi ndi mphamvu yokokana, zozungulirana kamodzi pa zaka 50 zilizonse. Kuti anthu afike podziwa zimenezi panadutsa mibadwo yambiri, ndipo palibe munthu amene anayamba ntchitoyo n'kuimaliza yekha. Aliyense ankalemba zimene waona n'kusiyira ena amene sadzaonana nawo.

Chisilamu chisanadze, ku Arabia kunali anthu olambira nyenyezi imeneyi. Olemba tafsir amatchula fuko la Khuza'a, ndiponso munthu wina dzina lake Abu Kabsha, amene anasiya mafano a kwawo n'kuyamba kupembedza Shi'ra. Ambiri mwa iwo amati n'chifukwa chake Aquraish, pofuna kunyoza Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye), ankamutcha mwana wa Abu Kabsha, ndiko kunena kuti wina wapatukanso pa chipembedzo cha makolo. Sura ya 53, An-Najm, imene inavumbulutsidwa ku Makkah, inatchula Shi'ra ndi dzina lake pa ndime ya 49, ndipo inaibwezera pamalo pake poti nayonso ndi cholengedwa, ili ndi Mbuye wake. Kwa Mwarabu wa nthawi imeneyo mawuwa anali olemera, chifukwa kuthambo la usiku kunalibe china chooneka champhamvu kuposa nyenyeziyi, kupatula mwezi ndi zoyendayenda zochepa monga Nthanda.

Aarabu anali ndi Shi'ra ziwiri. Yathuyi ankaitcha ya ku Yemen, pakuti imalowera chakumwera. Ina, yocheperako kuwala, imene lero imatchedwa Procyon, ankaitcha ya ku Sham. Nthano yawo inkati awiriwa anali alongo ake a Suhayl, nyenyezi yachiwiri pa kuwala, imene ife timaiona kumwera kwa Shi'ra. Suhayl atathawira kumwera, mlongo mmodzi anawoloka mtsinje wa Mlalang'amba kumutsata, ndipo anatchedwa al-Abur, wowoloka. Winayo anatsala kutsidya akulira mpaka maso ake anachita chidima, n'kutchedwa al-Ghumaysa. Ndi nthano chabe, yonga zimene agogo amasimba pamoto. Chodabwitsa n'chakuti pambuyo pake zinadziwika kuti alongo onse awiri ali ndi anzawo obisika a mtundu umodzi.

Chisilamu chitachotsa nyenyezi pa mpando wa umulungu, Asilamu anayamba kuziyeza. Anafunika kudziwa nthawi za swala, mbali ya Qibla ndi njira za m'chipululu ndi pa nyanja. Ku Baghdad, m'zaka za m'ma 800, anamasulira m'Chiarabu buku la Ptolemy wa ku Alexandria, lolembedwa cha m'ma 150, limene linali ndi malo a nyenyezi zoposa 1,000. Dzina limene Azungu amalitchula nalo mpaka lero, Almagest, ndi lochokera ku Chiarabu, ndipo bukulo linafala ku Ulaya kudzera m'kumasulira kumene kunachitika ku Toledo mu 1175. Abd al-Rahman al-Sufi wa ku Persia, m'buku lake la mu 964, anayang'ananso nyenyezizo ndi maso ake n'kukonza mulingo wa kuwala kwake. Ptolemy anali ataika Shi'ra m'gulu la nyenyezi zofiirira. Al-Sufi sanaiikemo, ndipo aliyense woiyang'ana ili pamutu avomereza kuti al-Sufi ndiye anaona bwino. Ku Samarkand, mfumu Ulugh Beg ndi akatswiri ake anayezanso nyenyezi pafupifupi 1,000 mu 1437.

Pa nyanja ya mchere nzeru imeneyi inali nkhani ya moyo ndi imfa. Ahmad ibn Majid, katswiri woyendetsa zombo amene analemba buku lake lalikulu cha mu 1490, ankadziwa gombe la kum'mawa kwa Africa mpaka ku Sofala. Kampasi ya amalinyero a Chiarabu inali ndi mbali 32, zotchulidwa ndi mayina a nyenyezi molingana ndi potulukira ndi polowera pake, ndipo Shi'ra inali imodzi mwa izo, pa dzina lakuti Tir. Zombo zoyendera kampasi imeneyi ndizo zinkakocheza ku Kilwa, doko limene pambuyo pake linakhala mathero a njira ya amalonda a Chiyao ochokera kuno kunyanja.

Onsewa ankati nyenyezi zotere n'zokhazikika, sizisuntha pakati pa zinzake. Mu 1718 Edmond Halley wa ku England anayerekeza malo a Shi'ra m'masiku ake ndi malo olembedwa ndi Agiriki akale, n'kupeza kuti yasuntha mtunda woposa kukula kwa mwezi wathunthu. Imatenga zaka pafupifupi 1,400 kuti iyende mtunda wotere, kotero palibe munthu akanaona zimenezi ndi moyo wake umodzi. Zinatheka chifukwa wina analemba, ena anakopera, ena anamasulira, ndipo zolembazo sizinatayike.

Amene anazindikira za mnzake wobisikayo ndi Friedrich Bessel, Mjeremani amene anayamba ngati kalaliki pa kampani ya zamalonda ku Bremen, n'kuphunzira za nyenyezi pofuna kudziwa kayendetsedwe ka zombo. Ali ku Königsberg, mzinda umene lero ndi Kaliningrad, anasonkhanitsa miyeso ya Shi'ra kuyambira ya m'ma 1750 mpaka yake yomwe, ndipo anaona kuti nyenyeziyi sikuyenda mowongoka. Imakhotera uku, patapita zaka n'kukhotera uko. Msodzi wa mbedza amadziwa zimenezi: kampango ali pansi pa madzi sakumuona, koma chingwe chikayamba kupita kumene mafunde sakupita, amadziwa kuti pali chamoyo, ndipo amatha kunena ngakhale kulemera kwake. Mu 1844 Bessel analengeza kuti Shi'ra ikukokedwa ndi chinthu cholemera chosaoneka, ndipo ananenanso chimodzimodzi za Procyon. Anamwalira mu 1846 asanachione. Mu 1851 Christian Peters anawerengera kuti ulendo wozungulirawo umatenga zaka 50, koma panalibe diso limene linali litaona chozunguliracho.

M'zaka zimenezo kuno kunyanja zinthu zinali zikusintha. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota n'kuyamba kuwolotsa katundu pa zombo za matanga zimene Aswahili amati dau. M'zaka za m'ma 1850 ndi 1860 magulu a Ayao anatsika kuchokera kumapiri a kum'mawa, m'dera limene lero ndi Niassa, n'kudzakhala kumwera kwa nyanja ndi m'mbali mwa Shire. David Livingstone anafika pa nyanjayi mu Seputembala 1859, akupeza malo ake pa mapu poyeza nyenyezi, ndipo mu 1866 anadutsa kwa Mponda. Njira ya ku Kilwa inkabweretsa nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Inabweretsanso zilembo za Chiarabu ndi Chisilamu. Yomweyonso inkatenga minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo. Mbiri yoona siingatchule zoyambazo n'kubisa zomalizazo.

Ukapolo unakhudzanso nkhani ya Shi'ra mwa njira imene munthu sangaiganizire. Ku Cambridgeport, m'chigawo cha Massachusetts ku America, banja la a Clark linkasula magalasi a matelesikopu. Yunivesite ya Mississippi inawaitanitsa galasi la mainchesi 18 ndi theka, lalikulu kuposa onse a mtundu wake pa nthawiyo, koma nkhondo ya pachiweniweni ya ku America, imene gwero lake linali ukapolo, inabuka mu 1861 ndipo galasilo silinapite kwa eni ake. Madzulo a pa 31 Januwale 1862, Alvan Graham Clark analoza galasilo pa Shi'ra pongofuna kuliyesa ngati lasulidwa bwino. Pambali pa kuwala kwakukulu kuja anaona kadontho. Kanali kumbali imene owerengera anali atanena. Patapita zaka 18 chilengezereni Bessel, chobisika chija chinaoneka, ndipo anachiona munthu amene sankachifunafuna. Galasilo linakathera ku Chicago. Mnzake wa Procyon anadikira mpaka 1896.

Chifukwa chimene kanabisalira nthawi yonseyi n'chosavuta kumva kwa munthu wa kunyanja. Yerekezani chiphaniphani chikuuluka pambali pa nyali ya asodzi a usipa, inu muli pa gombe. Shi'ra yaikulu, imene akatswiri amaitcha Sirius A, imawala kuposa yaing'onoyo, Sirius B, pafupifupi ka 10,000. Ndipo ziwirizi zili kutali ndi ife makilomita pafupifupi 81 thiriliyoni. Kuwala, kumene kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi ndi kutifika kuchokera ku dzuwa m'mphindi 8, kumatenga zaka 8 ndi miyezi 7 kuchokera ku Shi'ra. Pa mtunda wotere, ngakhale pamene ziwirizi zatalikirana kwambiri, mpata wake umaoneka ngati kukula kwa chala chachikulu mutachiyang'ana pa mtunda wa pafupifupi theka la kilomita. Komabe mwa nyenyezi zonse za kuthambo, Shi'ra ndi imodzi mwa zoyandikana nafe kwambiri.

Njira imene zimazungulirana si yobulungira ngati lichero. Ndi yotalika ngati dzira. Tikatenga mtunda wa pakati pa dziko lathu ndi dzuwa, makilomita 150 miliyoni, kukhala muyeso umodzi, ziwirizi zikayandikana kwambiri zimasiyana miyeso 8, zikatalikirana kwambiri miyeso 31 ndi theka. Pafupi zimathamanga, patali zimayenda mwaulesi. Ndipo tisamati yaing'ono ikuzungulira yaikulu ngati kuti yaikuluyo yakhala phee. Zonse ziwiri zikuzungulira malo amodzi opanda kanthu amene ali pakati pawo, monga anthu awiri osenza katundu pa mtengo umodzi, katunduyo atamangidwa chakufupi ndi wamphamvuyo. Kuzungulira kwa yaikuluyo ndiko kukhotakhota kumene Bessel anaona.

Apa pali chinthu chokoma chimene mwana wa sekondale angachite pa pepala: kuyeza kulemera kwa nyenyezi popanda sikelo. Lamulo la Kepler, monga analikonzera Isaac Newton, limati titenge mtunda wa pakatikati wa ziwirizi, umene ndi miyeso pafupifupi 20, tiuchulukitse katatu: 20 × 20 × 20 ndi 8,000. Titenge zaka za ulendo umodzi, 50, tizichulukitse kawiri: 2,500. Tikagawa 8,000 ndi 2,500 tipeza 3 ndi pang'ono. Ndiko kuti ziwirizi pamodzi zimalemera ngati madzuwa atatu. Popeza yaikuluyo imayenda theka chabe la mtunda umene yaing'ono imayenda, ndiye kuti ndi yolemera kawiri: yaikulu madzuwa awiri, yaing'ono dzuwa limodzi. Kadontho kosaoneka kaja n'kolemera ngati dzuwa lathu lonse.

Chaka chimene Bessel analengeza, 1844, ziwirizi zinali zitayandikana kwambiri. Zinayandikananso mu 1894, ndipo kuyambira 1890 mpaka 1896 kanyenyezi kaja kanamira m'kuwala kwa mnzake, matelesikopu a nthawiyo osakaona. Zaka zomwezo ndizo zinali zowawa kwambiri kwa mafumu a kuno. Mu 1891 Harry Johnston anafika ndi asilikali a ku India, anamanga linga la Fort Johnston kutsidya kwa mudzi wa Mponda, n'kuuthira nkhondo mudziwo. Mu Disembala chaka chomwecho Captain Maguire anaphedwa akuyesa kuwononga zombo za Makanjila. Mu 1893 mudzi wa Makanjila unagwa. Jalasi, amene linga lake linali pa phiri la Mangochi kufupi ndi Namwera, anagonjetsedwa mu 1895, ndipo dzina la phiri limenelo ndilo boma lathu likudziwika nalo lero. Pamene kanyenyezi kankaonekanso, njira ya ku Kilwa inali itatsekedwa ndipo msonkho unali utayamba. Koma Chisilamu sichinagwe pamodzi ndi malinga. Chinafala kwambiri pambuyo pake, kudzera mwa aphunzitsi oyenda pansi mudzi ndi mudzi, monga ophunzira a Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda, amene anaphunzira ku Kilwa n'kubwerera kunyanja m'zaka za m'ma 1880.

Pasapezeke wina wonena kuti nyenyezi ndiyo inadzetsa nkhondozo. Kumeneko kungakhale kubwerera kwa Abu Kabsha. Tsiku limene Ibrahim, mwana wa Mtumiki (madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye), anamwalira, dzuwa linadetsedwa, anthu n'kuyamba kunena kuti ladetsedwa chifukwa cha malirowo. Mtumiki anakana, ngakhale anali pa chisoni chake. Zaka 50 za Shi'ra tikuzigwiritsa ntchito ngati ndodo yoyezera kuya kwa madzi basi. Ndodo sidzaza nyanja.

Funso lalikulu linatsala: chinthu cholemera ngati dzuwa chingawale pang'ono chotere bwanji? Ambiri ankaganiza kuti ndi nyenyezi yozizira, yotsala pang'ono kuzima. Mu 1915 Walter Adams, pa phiri la Mount Wilson ku California, anamwaza kuwala kwake kukhala utawaleza n'kupeza kuti ndi koyera. Wosula zitsulo amadziwa tanthauzo lake: chitsulo chikayamba kutentha chimafiira, kenako chimachita chikasu, ndipo chikayera ndiye kuti chafika potentha zedi. Lero tikudziwa kuti pamwamba pa Sirius B pamatentha madigiri pafupifupi 25,000, pa Sirius A pafupifupi 10,000, pamene pa dzuwa lathu ndi ochepera 6,000. Chinthu chotentha chotere chikamawala pang'ono, yankho ndi limodzi lokha: n'chaching'ono kwambiri. M'mimba mwake simukwana makilomita 12,000, kucheperako pang'ono poyerekeza ndi dziko lathu. Kulemera kwa dzuwa lonse kwapanikizidwa m'malo ofanana ndi dziko lapansi. Supuni ya tiyi imodzi ya zinthu za m'nyenyeziyi ingalemere matani oposa 10, ndiwo matumba 200 a chimanga a makilogalamu 50. Mphamvu yokoka pamwamba pake imaposa ya pa dziko lathu koposa ka 300,000.

Akatswiri ambiri poyamba anaona ngati ndi zamisala. Arthur Eddington wa ku Cambridge anaumirira kuti masamuwo ndi oona, ndipo anapempha Adams kuti ayeze ngati kuwala kochoka pa kanyenyezika kumafooka monga mmene chiphunzitso cha Albert Einstein chimanenera. Mu 1925 Adams anapeza nambala yogwirizana ndi imene Eddington anayembekezera, dziko la sayansi n'kuomba m'manja. Patapita zaka zinadziwika kuti onse awiri anaphonya: Eddington anachepetsa powerengera, ndipo muyeso wa Adams unasokonezedwa ndi kuwala kwa nyenyezi yaikulu ija. Nambala yeniyeni ndi yaikulu pafupifupi kanayi. Zolakwa ziwiri zinagwirizana n'kuoneka ngati umboni, ndipo anadzaziwongola ndi anthu a m'badwo wina. Chimene chimaletsa nyenyezi yotere kuphwanyika ndi kulemera kwake komwe anachifotokoza Ralph Fowler mu 1926, ndipo mu 1930 mnyamata wa ku India wa zaka 19, Subrahmanyan Chandrasekhar, ali m'sitima ya pamadzi kupita ku England, anayamba masamu osonyeza kuti nyenyezi yotere singapitirire kulemera kwa dzuwa limodzi ndi magawo 4 mwa 10. Analandira mphotho ya Nobel mu 1983.

Nyenyezi za mtundu uwu amazitcha white dwarf, kutanthauza kamfupi koyera. Ndi khala lotsala moto utazima. Ziwirizi zinabadwa pamodzi zaka zoposa 200 miliyoni zapitazo, ndipo pachiyambi yaing'onoyi ndiyo inali yaikulu, yolemera ngati madzuwa asanu. Nyenyezi yolemera imatha nkhuni zake msanga. Inafufuma, inafiira, inataya zokuta zake kuthambo, n'kutsala mtima wokha, zaka pafupifupi 120 miliyoni zapitazo. Tsopano siyakanso, ikungozizira pang'onopang'ono. Sirius A, imene ikuwala kuposa dzuwa lathu ka 25, nayonso idzatsata njira yomweyo, ndipo dzuwa lathu lidzatero pa nthawi yake.

Kuyandikana kwina kunachitika mu 1944, chaka chimene bungwe la Nyasaland African Congress linakhazikitsidwa. M'zaka zimenezo amuna ambiri a kuno ankapita ku Joni kukakumba golide. Mumzinda womwewo wa Johannesburg, pa malo oonera nyenyezi a Union Observatory, panali Willem van den Bos, wobadwira ku Holland, amene anatha moyo wake akuyeza nyenyezi zoyenda ziwiriziwiri. Mu 1960 anasindikiza mawerengedwe a njira ya Sirius B amene akatswiri anawadalira kwa zaka zoposa 50. Agogo athu ankatsika pansi pa nthaka ya mzinda umenewo usiku womwewo umene iye ankayang'ana kumwamba, ndipo panalibe njira yoti ana awo akafike pa telesikopuyo. Tsankho la ku South Africa linali chifukwa chimodzi. China chinali kwathu konkuno. Sukulu za m'nthawi ya atsamunda zinali m'manja mwa mamishoni, monga a UMCA amene anakhazikika kwa Mponda ndi ku Malindi kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo makolo a Chisilamu ankaopa kuti mwana akapitako akabwera ndi dzina lina ndi chipembedzo china. Mantha awo anali ndi maziko, ndipo posunga anawo anasunga chikhulupiriro chimene tili nacho lero. Koma mtengo wake unali waukulu. Mwana wa ku madrassa ankadziwa kuwerenga dzina la Shi'ra m'Chiarabu mosaphonya, osadziwa kuti ndi nyenyezi yomwe ili pamutu pake. Mwana wa ku mishoni akanamva za Sirius osadziwa kuti al-Sufi ndi ndani.

Mu 1994 ziwirizi zinayandikananso. Chaka chomwecho Bakili Muluzi anakhala Msilamu woyamba kutsogolera dziko lino, ndipo maphunziro a pulaimale anakhala aulere, chiwerengero cha ophunzira n'kukwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Kuthambo kunali kale telesikopu ya Hubble, imene inakwezedwa mu 1990. Mu 2017 gulu lotsogozedwa ndi Howard Bond linaphatikiza zithunzi za Hubble ndi miyeso pafupifupi 2,300 ya anthu akale, kuyambira m'zaka za m'ma 1800, n'kupeza kuti ulendo umodzi umatenga zaka 50.13, kuti yaikulu imalemera madzuwa 2.06 ndipo yaing'ono 1.02. Makina atsopanowo sakanatha okha, pakuti anali asanaone ngakhale ulendo umodzi wathunthu. Anafunika zolemba za anthu amene anayeza ndi diso, m'kuzizira, n'kumwalira ulendowo usanathe. Ife amene timadziwa kufunika kwa mndandanda wa osimba hadith, wina kulandira kwa wina, sitiyenera kudabwa nazo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

N'chifukwa chake nkhani ina imene imayenda pa WhatsApp ndi m'maulaliki ena ikufunika kuiyang'ana mofatsa. Imati ndime ya 49 ya Sura An-Najm imatchula Shi'ra, ndime ya 9 imatchula mauta awiri, ndiye tikaphatikiza tipeza 49.9, zaka za ulendo wa nyenyeziyi, ndipo njira zake ziwiri zimaoneka ngati mauta. Ofalitsa nkhaniyi ali ndi cholinga chabwino, koma maziko ake ndi ofooka. Nambala ya 49.9 ndi ya mabuku akale. Muyeso wabwino ndi 50.13, ndipo tikawerenga m'zaka za mwezi, za kalendala ya Hijra, zimakhala pafupifupi 52. Manambala a ndime nawonso sali chimodzimodzi m'misahafu yonse. Mawu ndi amodzi, koma kawerengedwe ka ku Kufa, kamene kali m'misahafu yathu, kamapatsa surayi ndime 62, pamene misahafu ya Warsh, yowerengedwa kumpoto ndi kumadzulo kwa Africa, ili ndi 61, ndipo ndime ya Shi'ra imakhala ya 48. Ndime ya 9 ikukamba za kuyandikira kumene kunachitika pa nthawi ya chivumbulutso, ndipo olemba tafsir ambiri amati akunenedwa ndi mngelo Jibril. Tikamangirira Buku la Allah ku nambala imene mawa ingasinthe, mwana wathu wophunzira akadzapeza nambala yoona adzayamba kukayikira zimene sizinayenere kukayikiridwa. Chimene ndimeyo inanena, kuti Shi'ra si mulungu, n'chokwanira pachokha, ndipo zimene zayezedwa zikuonetsa nyenyezi imene ikukokedwa, imene ili ndi chiyambi, ndiponso imene ikuyenda limodzi ndi mtembo wa mnzake.

Mu 2019 ziwirizi zinatalikirana kufika pamapeto, ndipo tsopano zayamba kubwererana. Kwa zaka zingapo zikubwerazi kadontho kaja kangaonekebe ndi telesikopu yabwino ya galasi la masentimita 20 kapena kuposerapo, makamaka kuno kumene nyenyeziyi imakwera pamutu, kumene mpweya sugwedeza kwambiri kuwala. Kenako kadzamiranso. Kuyandikana kotsatira kudzaoneka mu 2044, chaka cha 1466 cha Hijra, ngakhale kuti kumeneko kudzakhala kutachitika kale mu 2036, kuwala kwake kukali m'njira. Chaka chimenecho, Allah akalola, mwezi wa Ramadan udzayamba kumapeto kwa Julayi, mwera ukuwomba, ndipo Shi'ra izidzatuluka cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Odzuka kudya dakwi ku Nkope, ku Monkey Bay ndi ku Malembo adzaipeza itakwera kale kum'mawa, Akamwiniatsatana ali pamwamba pake, muazini asanaitane swala ya Fajr.